Njere Yako Ikadali Padooko

Milonde, Mulanje
Lamulungu masana

Rozina mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili m'shedi mwanga muno, pabenchi yopalira matabwa, iwe uli pakhonde apo ukusita zovala za ulendo wa mawa. Ndikukuona pazenera. Udabwa kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake akulemberanji kalata mwana amene ali naye pakhomo limodzi, woti akangofuula dzina ayankha. Mlandu ndi wa mayi ako. Sabata yonseyi ndakhala ndikukuitana kuti tikambirane, iwe ukabwera n'kugwada, ine n'kuyamba kukufunsa za loko wa sutikesi. Katatu konse, loko yemweyo. Dzana mayi ako anatopa nazo. Anati, "Bambo a Rozina, pakamwa panupa pamatseguka pabawo pokha. Tengani pensulo mulembe, mwanayu asapite ndi loko m'mutu." Ndiye ndatenga pensulo yanga ya ukalipentala, yonenepa ija, ndaisongola bwinobwino. Ukaona zilembo zikupendekeka, dziwa kuti pensuloyi inazolowera thabwa, osati pepala.

Mawa ukwera basi ya ku Blantyre, kupita kukaphunzira uphunzitsi. Ndakondwa, mwana wanga, ndakondwa mpaka anzanga atopa nane. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuti ukwere nacho basiyo. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano sunakhudzepo thabwa langa la masewera. Umandiphikira, umandichapira, umandiseka ndikavala malaya mabatani atasemphana, koma ukangoona ndikutulutsa kathumba ka njere umakumbukira kuti kudimba kuli ntchito. Chifukwa chake ndikuchidziwa, iwenso ukuchidziwa, ndipo palibe wa ife amene anachitchulapo. Mlandu suola. Ndifikako ndithu m'kalata muno, ungondilola ndizungulire kaye, poti munthu wabawo sadziwa kuyenda njira yowongoka.

Malangizo anzeru ndilibe ambiri. Chimene ndili nacho chochuluka ndi zolakwa, ndipo zambiri ndinazilakwira pathabwa. Ndikupatsa zimenezo, usankhemo wekha.

Cholakwa choyamba ndinachichita iwe usanabadwe, nditangolowa chikamwini kuno kwa mayi ako. Nyumba tinamanga, udzu tinafolera, chinatsala ndi chitseko. Atsibweni a mayi ako, munthu wosaseka ndi mkamwini, anatipatsa thabwa la mkungudza lotsika nalo kuphiri, lalikulu, lonunkhira. Ndinaliika pabenchi kuti ndiyambe chitseko. Ndinalipala mbali imodzi, ndinalisisita, ndinaliyang'ana, mtima n'kumati, mtengo wokongola chonchi uzingomenyedwa ndi mvula? Pofika Lachitatu chitseko chija chinali ndi maenje makumi atatu ndi awiri. Bawo wake, Rozina, sindinapangenso wina wofanana naye. Mayi ako sanakalipe. Anangomuyang'ana bawoyo, n'kundiyang'ana ine, dzuwa litalowa n'kumunyamula kukamuimika pakhomo. Anati, "Poti mwati ndi thabwa labwino, litchinge mbuzi." Mwezi wathunthu tinagona ndi bawo pakhomo ndi chiguduli pamwamba pake, mudzi wonse ukubwera kudzaona chitseko cha mkamwini watsopano. Atsibweni aja anamwalira asanandiitanepo dzina langa, ankangoti "wa maenje uja". Ndiye kumene ukupitako mukakhala ambiri m'chipinda chimodzi. Chinthu cha anthu awiri usachigamule wekha, ngakhale nzeru yakoyo ikhale yokoma bwanji. Funsa kaye. Kufunsa kumatenga kanthawi kochepa, ine kusafunsa kunanditengera mwezi wa mphepo.

Cholakwa chachiwiri ndi cha masewera oyamba amene ndinapeka ndekha. Nthawi imeneyo ndinkagwira ukalipentala kuesiteti ya tiyi, kukhoma mabokosi ndi kukonza mazenera a nyumba za kampani. Bawo ndinali nditamutha, dirafuti ya zitsekerero za mabotolo inkanditopetsa, ndiye ndinati ndipange zanga. Ndinajambula munda wa tiyi pathabwa. Munali othyola, munali kapitawo, munali sikelo, munali lole yopita kufakitale, ndipo chilichonse chinali ndi kayendedwe kake. Malamulo anadzaza kope lonse la mwana wasukulu. Ndinapita nawo pakhonde pa a Likaka, atelala a pamsika aja, pamene timasewerera mpaka lero. Ndinafotokoza kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka mthunzi utafika pamsewu. Nditamaliza, a Muhiwa, mnzanga uja anali mlonda kufakitale, anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Amisiri, ifetu timabwera pano kudzapuma ku tiyi. Inu mwatitengera tiyi yemweyo pathabwa, kapitawonso ali momwemo. Tikapumire kuti?" Anthu anaseka mpaka a Likaka anasokera kolala kumbuyo. Ine ndinapsa mtima, ndinawatcha mbuli, ndinanyamula thabwa langa, mwezi wonse osapondako. Ndinkadikira kuti abwere kudzandipepesa. Sanabwere, ankasewera bawo wawo mosangalala. Iwe ukakhala mphunzitsi. Ukafotokoza chinthu ana makumi angapo osamva, usathamangire kunena kuti ndi mbuli. Bwerera kunyumba ukapale chimene wafotokozacho mpaka chitsale chogwirika. Kumbukira kope langa lija, mayi ako anakolezera moto ndipo palibe amene analilira.

Nditachira manyazi amenewo ndi pamene ndinapeka Kuwoloka. Nkhani yake sindinakuuzepo yonse. Agogo ako aamuna, bambo anga, anabwera kuno kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi ali mnyamata, kuthawa ntchito yokakamiza. Anali anthu asanu ndi anayi a banja limodzi pamene anafika pamtsinje wa Ruo. Ankanena kuti amene anayamba kuwoloka sanapitirire ulendo, anakhala pamchenga kudikira mpaka womaliza atatuluka m'madzi, chifukwa banja likatsala ndi mmodzi kutsidya ndiye kuti silinawoloke. Ndinatenga mawu amenewo n'kuwasema. Ngalande pakati pa thabwa, ndiwo mtsinje. Madooko atatu owolokera, lakumtunda, lapakati ndi lakumunsi. Uku njere zisanu ndi zinayi za nkhomo, uko zisanu ndi zinayi za kalongonda. Malamulo atatu basi: njere imayenda dzenje limodzi, ikapanidwa uku ndi uku imabwerera kumudzi kukayambiranso, ndipo wopambana ndi amene wawolotsa banja lonse. Palibe njere yodyedwa, palibe yakufa. A Muhiwa anamva nditangofotokoza kamodzi, ndipo tsiku limenelo anachedwa kuntchito. Werenga bwino, Rozina, ndati malamulo atatu. Ndikudziwa kuti lero anthu amati ndi anayi.

Cholakwa chachitatu chinali cha matama. Masewera atatchuka, ndinafuna kuti thabwa lioneke la munthu wodziwa dziko. Ndinatenthetsa msomali n'kulemba pambali pa madooko aja maina enieni a malo amene anthu amawolokera pa Ruo. Mayi ako anati, "Zimenezi mukulemberanji, nthawi zake zino?" Ine ndinati akazi sadziwa luso. Sipanathe sabata ziwiri, anyamata a malaya ofiira aja, oona makadi a chipani pachipata cha msika, anaima pakhonde pa a Likaka. Mmodzi anati, "Bambo, mapu awa ndi a ndani? Akuwolokawa ndi ndani, akubwera kudzatani?" Mmalo moyankha mofatsa, ine ndinayamba kuwaphunzitsa kuti funso lawolo ndi lopanda nzeru. Ananditenga ndi thabwa langa lomwe mpaka kwa atcheyamani. Ndinakhala padzuwa tsiku lonse, njere zili m'thumba, khadi nditaiwala m'malaya ena. Amene anandipulumutsa ndi mayi ako. Anabwera ndi khadilo, iwe uli kumbuyo, anagwada n'kunena kuti, "Bambo, amuna angawa si oopsa ayi, ndi odwala masewera. Funsani mudzi wonse za chitseko chathu." Atcheyamani nkhani ya chitseko ankaidziwa. Anaseka, anandiuza kuti ndipale mainawo iwo akuona, ndinapala. Ena amene anatengedwa pa nkhani zazing'ono kuposa imeneyi sanabwere msanga, ndipo zimenezo sindilemba pano. Ndiye tamvera: khadi lako lizikhala m'thumba la m'kati mwa chikwama, osati m'buku. Siketi izifika kumene ikuyenera kufika. Anthu akayamba nkhani zija zotsitsa mawu, iwe kumbukira kuti uli ndi zochapa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndipo ukadzakwatiwa, munthu wako akakuchenjeza, usadzayankhe monga ndinayankhira ine.

Cholakwa chachinayi ndimachita nacho manyazi mwa mtundu wina. Kuesiteti kunali a Nampinga, mkulu woyang'anira amisiri tonse, wokonda bawo koma wosamudziwa. Ndinkafuna andiike kushedi ya mipando, andichotse kumabokosi. Ndiye tikakhala pabawo nthawi yopuma, ndinkagonja dala. Ndinkasiya nyumba yanga ya pabawopo poyera, iwo n'kudya, ine n'kumawomba m'manja kuti, "Koma bwana, lero ndiye mwandipha!" Tsiku lina anandipeza pakhonde pa a Likaka ndikugonjetsa anthu atatu motsatizana, onse oti iwo sakanawayandikira. Anaima kumbuyo kwanga mpaka kumapeto. Lolemba anandiitana n'kunena mawu ochepa: "Ndimayesa ndili ndi mnzanga wosewera naye, kani ndili ndi mlezi." Sanasewerenso nane, ndipo kumabokosi ndinakhalako zaka zina zinayi. Iwe uli ndi mutu wakuthwa, wakuthwa kuposa wanga. Kukolejiko kudzakhala anyamata amene sadzakondwera kuti mtsikana wa ku Milonde akuwaposa masamu. Wina adzakhala wooneka bwino, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno. Usadzagonje dala kuti akukonde. Mwamuna amene angakukonde pokhapokha utadzichepetsa nzeru, udzamulera moyo wako wonse. Ndipo ngati atakugonjetsa mwachilungamo, umugwire chanza, ukaphunzire pamene unalakwitsa, ubwerenso mawa.

Tsopano ndazungulira mokwanira, pensulo ndasongola kachitatu, ndipo iwe wamaliza kusita, ukupinda bulangete ndi mayi ako. Ndifike pa nkhani ija.

Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Linali Loweruka la chiperoni, phiri litabisala, kamvula kakuwaza pang'onopang'ono. Unandinyamulira thabwa la Kuwoloka kupita nalo pakhonde pa a Likaka, monga unkachitira masiku onse, n'kukhala pambali pa makina osokera kumaonerera. Kufikira tsiku limenelo panalibe munthu amene anandigonjetsapo pa masewera amenewa, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense akudziwa. A Muhiwa atagonja kachiwiri anati, "Tamuikani mwanayu, mwina magazi okhaokha angathane." Amuna anaseka, poti mtsikana pathabwa chinali chachilendo. Ine ndinati bwera, ndikuganiza kuti ndikusangalatse pang'ono kenaka ndikubweze kumudzi. Unatenga kalongonda. Unasewera lilime lili pakati pa mano monga umachitira polowetsa ulusi m'singano. Unandipatsa dooko lakumtunda ngati wachita mphwayi, ine ndinathamangira komweko ndi njere zanga, ndipo pamene ndinkadzidzimuka banja lako linali litatsikira kumunsi mmodzimmodzi. A Likaka anasiya kupalasa makina. Ndinawerenga, ndinawerenganso. Ine ndinali ndi njere ziwiri zosawoloka, iwe imodzi yokha, ili pakamwa pa dooko lapakati, ndipo inali nthawi yako yoyenda. Unainyamula njereyo. Inali m'mwamba, pakati pa zala zako.

Ndinayang'ana nkhope za anzanga, ndinayang'ana kamvula kaja kunja, pakamwa panga n'kutuluka mawu akuti, "Mtsinje wadzaza."

Unandiyang'ana. Unati, "Ababa?"

Ndinati, "Mtsinje wadzaza padooko lapakati. Palibe kuwoloka mpaka titayenda katatu. Lamulo limeneli lilipo."

Unati, "Simunandiphunzitsepo limenelo, ababa."

Ndipo ine, bambo ako, ndinati, "Anapanga masewerawa ndani, iwe kapena ine?"

Wina anaseka. Iwe sunalire, sunatsutse. Unaibweza njere ija m'dzenje lake pang'onopang'ono, ngati ukuika dzira. M'maulendo atatu amenewo ndinaipana uku ndi uku, ndinaibweza kumudzi, kenaka ndinawolotsa ziwiri zanga. Unati, "Zikomo, ababa." Unatola njere zonse n'kuziika m'kathumba. Pobwerera kunyumba mvula inali itakula, ndipo unavula chitenje chako n'kufunditsa thabwa langa kuti lisanyowe, iwe ukunyowa. Ndinkayenda kumbuyo kwako ndikuona. Chitenje chimenecho chandipweteka zaka zisanu ndi ziwiri kuposa mawu alionse amene ukanandinena.

Rozina, lamulo limenelo kunalibe. Ndinalipeka pomwepo, njere yako ili m'mwamba, chifukwa ndinaopa kusekedwa ndi amuna anzanga kuti ndagonja kwa mwana wamkazi. Unandigonjetsa mwachilungamo, ine ndinakubera. Ndalemba mawu amenewa ndipo dzanja silinathyoke, sindikudziwa chimene ndinkaopa nthawi yonseyi.

Choipa kwambiri ndi chimene ndinachita pambuyo pake. Mmalo mobwera kwa iwe, ndinaliveka bodza langa malaya. Ndinalikonza lamulo lija kuti lioneke lakale: aliyense ali ndi ufulu wodzadzitsa mtsinje kamodzi, padooko limodzi, kwa maulendo atatu. Ndinaliphunzitsa pakhonde, linapita ndi anyamata a malole mpaka ku Chitakale, ndipo ndamva kuti kuseri kwa chipatala ku Boma amalonda amasewera nalo. Anthu amandiyamika nalo. Amati, "Amisiri, pamene munaganiza za mtsinje wodzaza paja ndiye munaganiza." Ine ndimangoti zikomo. Ndinkadziuza kuti unali mwana, waiwala. Koma ndinkaona mmene unkadutsira thabwa lija posesa, kulizungulira ngati pali njoka. Ndinataya mnzanga wosewera naye woposa onse amene Mulungu anandipatsa, ndipo anali m'nyumba mwanga momwe, akundipatsa madzi osamba. Manyazi anapha lambe, ine anangotsala pang'ono.

Langizo lake ndi ili, ndipo ngati uiwale ena onse, ili lokha usunge. Kumene ukupitako adzakupatsa choko, ndodo ndi kaundula. M'kalasi mwako wopanga malamulo udzakhala iwe, ndipo palibe mwana amene adzatha kukutsutsa. Tsiku lina kamwana kena kosavala nsapato kadzaimika dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pabolodipo mwalakwitsa," ndipo kadzakhala kakunena zoona, ana onse akuyang'ana. Udzamva kutentha kumaso. Pakamwa pako padzabwera mawu okonzeka kale, ofanana ndi anga aja. Uwameze, mwana wanga. Unene kuti, "Wakhoza, bwera udzakonze." Manyazi a tsiku limenelo adzatha belu lisanalire. Ukasankha njira yanga, kamwanako sikadzaimikanso dzanja, ndipo iwe udzadziwa chifukwa chake tsiku lililonse.

Dzulo ndinapita pakhonde pa a Likaka osanyamula thabwa. Anadabwa, a Muhiwa anafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Ndinaima, chipewa m'manja ngati ndili kutchalitchi, n'kuwauza zonse. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka. A Muhiwa anangotulutsa fodya wawo wam'mphuno n'kunena kuti, "Aaa, amisiri, ndiye mwachedwatu. Ife tinaona tsiku lomwelo, tonse."

Ndinati, "Nanga osanena bwanji?"

Anati, "Thabwa lanu, mwana wanu, lamulo lanu. Ife tikanalowera pati? Koma kuseka kuja ndinaseka ine, ndipo sikunandikomere. Mukamuuze mwanayo kuti a Muhiwa akuti pepani."

A Likaka anachotsa mapini pakamwa n'kuwonjezera kuti, "Lamulolo ife sitilisiya ayi, ndi lokoma, lazolowereka. Koma mwana uja anakukwapulani, amisiri. Anakukwapulani bwinobwino, ine ndinasiya makina kuti ndione."

Ndinabwerera kunyumba wopepuka, koma theka lokha, poti amene ndinamulakwira si iwo.

Pali china chimene sukudziwa. Tsiku lija titafika kunyumba, iwe ukuwamba zovala zako pamoto, ndinatembenuza thabwa n'kujambula kunsi kwake ndi pensulo mmene njere zonse zinakhalira usanainyamule yako ija. Ndinkadziuza kuti ndikufuna kuphunzira mmene unandikolera. Ndaliyang'ana jambulalo kambirimbiri, kufunafuna njira imene ndikanapulumukira popanda kuba. Palibe. Ndayesa kumtunda, ndayesa kumunsi. Unanditsekera ponseponse, uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo lero ndikunena monyadira chimene ndinayenera kunena pakhonde paja: ameneyu ndi mwana wanga.

Ukatsegula sutikesi yako kukoleji, pansi penipeni, m'kati mwa juzi yobiriwira ija, upeza kathabwa kakang'ono kotha kulowa m'chikwama. Ndi Kuwoloka. Mmalo mwa njere ndaika tizikhomo tolowa m'mabowo kuti tisagwe m'basi, toyera ndi tanga, todetsedwa ndi moto ndi tako. Mtengo wake ndi mkungudza, ndadula kumapeto kwa bawo uja wa chitseko. Usaope, ulendo uno ndinapempha kaye. Mayi ako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zaka zonsezi, lero mwaphunzira kufunsa. Dulani." Ukanunkhiza umva fungo la kwanu. Kunsi kwake ndalemba malamulo ndi msomali wamoto, ndipo ukawerenga upeza atatu.

Tizikhomoto sindinatiike poyambira masewera. Ndatiika monga zinalili Loweruka lija: tanga tiwiri tisanawoloke, kako kamodzi kali pakamwa pa dooko lapakati. Thabwa lalikulu kuno ndaliyalanso chimodzimodzi, pamwamba pa kabati, ndipo ndauza mayi ako kuti asalisunthe popukuta fumbi. Akuti nyumba ino yaonapo zambiri, iona ndi zimenezi.

Sindikukukakamiza. Ukafuna, kathabwako ukasiye pansi pa sutikesi mpaka udzakhale ndi ana ako, ndipo sindidzafunsa. Ndidzakukondabe chimodzimodzi, ndidzapitabe kukakuchingamira pasiteji pa tchuthi chilichonse ndi njinga yanga yolira ija. Uzilembera mayi ako kawirikawiri, iwo sanena koma akhala akulira kuseri kwa nkhokwe kuyambira Lachinayi. Uzipita kutchalitchi. Uzidya, usamadzimane chifukwa cha mabuku. Khadi m'thumba la m'kati, ndanena kale koma ndikubwereza. Loko wa sutikesi ndi wabwino, ndamuyesa katatu.

Koma ngati mtima wako ungalole, m'kalata yako yoyamba, pansi pa moni wa mayi ako, undilembere mzere umodzi wondiuza kumene njere yako yapita. Ndidzaitenga kalatayo, ndidzanyamula thabwa mpaka pakhonde pa a Likaka, ndidzaitana a Muhiwa ndi onse amene analipo, ndipo ndidzayendetsa njere yakoyo ndi dzanja langa iwo akuona. Kenaka ndidzatola njere zonse ndekha n'kunena kuti zikomo, monga unanenera iwe.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu amene anawolotsa agogo ako akutsogolere. Ine ndikhala kuno kutsidya ndi njere zanga ziwiri, ndipo sindisuntha.

Mtsinje sunadzaze, Rozina. Sunadzazepo. Ndi nthawi yako, woloka.

Ndine bambo ako,
wa maenje uja